Kodi Mayeso Amayeza Mwana Kapena Sukulu Yake?

Alimi aŵiri akafika pabwalo, aliyense nanena kuti chaka chino wakolola matumba 20 a chimanga, munthu wopupuluma adzati aŵiriŵa ndi alimi ofanana. Koma mkulu wodziŵa minda ya m'mudzimo adzayamba wafunsa kuti, kodi uyu analima pati, nanga uyo analima pati? Ngati woyamba analima m'dambo lachonde, ali ndi feteleza ndi aganyu, pamene mnzake analima yekha pamtunda wamiyala ndi khasu lakutha, ndiye kuti matumba aja angofanana chiŵerengero chokha. Oŵerenga athu okondedwa, nkhani yathu mwezi uno si ya chimanga ayi. Tifuna tilingalire za ana amene amaliza sekondale naimirira pakhomo la yunivesite, malo ali ochepa, ofuna kuloŵa ali ambiri, ena achokera ku sukulu zolipira ndalama zambiri, ena ku sukulu za boma. Kodi wosankha achite bwanji kuti asalakwire wina?

Anthu a ku Mangalande akhala akukangana za funso limeneli kwa zaka zambiri, ndipo mkangano wawo ngwoyenera kuumvetsera chifukwa iwo amasunga ziŵerengero. Kumeneko, pa ana 100 alionse a sukulu, pafupifupi 7 okha ndiwo amaphunzira m'sukulu zolipira. Zina mwa izo nzodula koopsa: ku Eton, sukulu imene yatulutsa nduna zazikulu 20 za dzikolo, kholo limapereka mapaundi oposa 60,000 pachaka kuyambira mu 2025. Komabe mu 2016, pa ana 100 a m'dzikolo amene analandiridwa ku yunivesite ya Oxford, 58 okha ndiwo anachokera ku sukulu za boma. Otsalawo anachokera m'kagulu kochepa kaja. Mu 2018 bungwe la Sutton Trust linapeza kuti pa zaka zitatu, sukulu 8 zokha zinatumiza ana ambiri ku Oxford ndi Cambridge kuposa sukulu zina pafupifupi 2,900 kuziphatikiza pamodzi. Palibe munthu wanzeru amene angakhulupirire kuti nzeru zobadwa nazo zinaunjikana m'mipanda 8 imeneyi.

Tsono nkhani inafika poŵira mu 2000, pamene mtsikana wina wa sukulu ya boma ya kumpoto kwa England, wokhoza bwino kwambiri, anakanidwa malo ophunzira udokotala ku Magdalen College ya ku Oxford, koma yunivesite ya Harvard ku Amereka inamulandira. Gordon Brown, amene panthaŵiyo anali nduna ya zachuma, anadzudzula Oxford poyera. A ku Oxford nawo anayankha kuti onse amene anapikisana naye anali okhoza bwino chimodzimodzi, ndipo malo anali ochepa. Patapita zaka zitatu mphepo inatembenuka. Mu 2003 akuluakulu a sukulu zolipira analangiza ana awo kuti aleke kufunsira malo ku yunivesite ya Bristol, ati chifukwa inali kukondera ana a sukulu za boma. Taonani: mbali zonse ziŵiri zinali kulira liwu limodzi lomwelo, lakuti chilungamo.

Tiyeni tiyambe tamumvera mwana wa sukulu yolipira, pakuti nayenso ndi mwana wa munthu. Iye sanasankhe nyumba yobadwiramo. Anadzuka m'mamaŵa, naŵerenga mpaka usiku, ndipo malikisi amene anapeza sanawabe. Akauzidwa kuti malo ake apatsidwa kwa wina wa malikisi ocheperapo, ali ndi ufulu wofunsa kuti walakwa chiyani. Ndiponso si makolo onse a ana otere amene ali olemera. Alipo amene anadzimana zambiri, ndipo alipo ana osauka amene analoŵa m'sukulu zimenezi mwa chithandizo. Kulanga mwana chifukwa cha chikondi cha makolo ake ndi chinthu chimene mtima wathu ukukana. Aliyense wa ife amene anagulitsapo mbuzi kapena njinga kuti apeze fizi adziŵa zimene tikunena.

Komatu funso la mkulu uja silinayankhidwe. Kodi malikisi amayeza chiyani? Yunivesite posankha sipereka mphotho ya ntchito yadzulo. Imayesa kulosera amene adzapindula ndi maphunziro a maŵa. Apa pali umboni umene uyenera kutiimitsa. Mu 2014 bungwe la boma limene panthaŵiyo linkayang'anira ndalama za mayunivesite ku England, lotchedwa HEFCE, linatsata ana ambirimbiri kuchokera pa mayeso awo omaliza sekondale kufikira pa digiri, ndipo linapeza kuti mwa ana amene analoŵa ndi magiredi ofanana, a sukulu za boma ndiwo kaŵirikaŵiri anatuluka ndi madigiri abwino kuposa anzawo a sukulu zolipira. Chifukwa chake sichovuta kuchiona. Mwana wa m'kalasi la ana ochepa, wokhala ndi mphunzitsi womukonzekeretsa funso ndi funso, anafika kale pamapeto a mphamvu zake pa tsiku la mayeso. Mnzake amene anapeza giredi lomwelo m'kalasi lodzaza anali ndi mphamvu zina zimene palibe anazitakasa. Aŵiriŵa akakhala pa benchi imodzi, ndi mabuku amodzi ndi mphunzitsi mmodzi, mlimi wa pamiyala uja amayamba kuonekera.

Motero ife tikuona kuti wosankha amene amayang'ana malikisi okha, nadzitama kuti sakondera, wakondera kale osadziŵa: wapatsa mwana mphotho imene mbali ina ndi ya sukulu yake. Nchifukwa chake mayunivesite ena, monga Bristol yomweyo, amalandira mwana wochokera ku sukulu kapena dera losauka ngakhale atatsika ndi magiredi aŵiri pa amene amafunsidwa kwa ena. Ku Oxford nako zinthu zinasuntha, ndipo pofika 2020 ana a sukulu za boma anakwana 68 pa 100 alionse.

Koma pano pali dzenje lina, ndipo ambiri okonda chilungamo amagweramo. Nkwapafupi kuganiza kuti dzina lakuti "sukulu ya boma" litanthauza umphaŵi, ndi lakuti "sukulu yolipira" litanthauza chuma. Sizili choncho. Mwa sukulu 8 zija, ziŵiri zinali za boma, za m'mizinda ya Cambridge ndi Winchester kumene kumakhala mabanja ambiri ophunzira ndi opeza bwino. Kholo lochenjera likhoza kugula nyumba yodula pafupi ndi sukulu yabwino ya boma, nililipira mphunzitsi wapadera madzulo, ndipo mwana wake adzaŵerengedwa pamodzi ndi mwana wa mayi wamasiye wosesa m'maofesi. Yunivesite ikhoza kukweza chiŵerengero chake nkuombedwa m'manja, wosauka weniweni ali panja. Mu 2024 Cambridge inalengeza kuti ileka kudziikira chiŵerengero cha ana a sukulu za boma, kuti iziyang'ana zizindikiro zina za umphaŵi. Ena anaikayikira, ndipo nkoyenera kuiyang'anitsitsa, koma mfundo yake ili ndi mutu.

Ife kuno kwathu dzenje limeneli timalidziŵa, ngakhale kuti linakumbidwa mwa mtundu wina. Tili nayo Kamuzu Academy ku Mtunthama, imene inatsegulidwa mu 1981 potengera chitsanzo cha Eton, ndi sukulu zina zodula za m'mizinda. Koma tilinso ndi tisukulu tolipira ta m'makwalala, ta zipinda zochita kubwereka, kumene amapita ana amene sanasankhidwe kwina kulikonse; kuwatcha ameneŵa ana amwayi kungakhale kuwaseka. Mpata waukulu uli pakati pa sekondale zogonera komweko, za boma ndi za mishoni, ndi sekondale zoyendera za m'madera zimene zinakhazikitsidwa mu 1998, kumene mwana amatha kulemba mayeso a sayansi asanagwirepo chida chilichonse cha mu labotale. Ndipo tisadzibise: zina mwa sukulu zimene zimakhozetsa kwambiri ndi za Mpingo wathu womwe, monga Marymount, Likuni ndi Mtendere. Timazinyadira, ndipo nkoyenera. Koma zikutanthauza kuti pa mlandu uwu ambiri a ife sitili oŵeruza chabe, tilinso eni mlandu.

Dziko lathu linayesapo njira ya kota, yogaŵa malo a ku yunivesite potsata boma limene mwana amachokera. Khoti linaikana mu 1993, inabweranso mu 2009, ndipo inathetsedwa mu 2020. Cholakwa chake chinali chomwecho cha kuŵeruza ndi dzina. Mwana wa bwana wokulira ku Lilongwe ndi mwana woŵeta ng'ombe kumudzi ankaŵerengedwa ngati amodzi malinga makolo awo ndi a boma limodzi, pamene mwana wosauka wa boma la okhoza ambiri ankatsala. Koma kuchotsa kota sikunafafanize funso lija. Kunangolisiya pa tebulo.

Tiyerekeze tsono kuti takhala pa tebulo limenelo, malo atsala amodzi, mapepala ali aŵiri. Mnyamata wa sukulu yogonera komweko wapeza mapointi 10, monga anzake ambiri a m'kalasi lake. Mtsikana wa sekondale yoyendera wapeza 14, ndipo pa sukulu yakeyo palibe wina amene wafikapo pamenepo chiyambire. Amayenda makilomita 8 tsiku ndi tsiku, naŵerenga ndi nyali atatha kuphika. Ife tikanafuna kuti pepala lililonse lizinena zimenezi: sukulu yake, m'mene ana a pamenepo amakhozera, ndi za pakhomo pake, ndipo lamulo loŵerengera zimenezi lilengezedwe poyera ana asanalembe mayeso, kuti lisasanduke khomo la ziphuphu. Zitatero, tikanatenga mtsikanayo. Tikudziŵanso kuti Lamulungu lotsatira mayi a mnyamata uja, amene anagulitsa ng'ombe ziŵiri kuti amuphunzitse, adzatidikira panja pa tchalitchi, ndipo tidzayenera kuwafotokozera pamaso.