Jabir sanabise ngongole ya bambo ake



Pali foni zina zikalira munthu amangoziyang'ana mpaka zitasiya zokha, chifukwa woimbayo ndi mwini ndalama. Kuno ku yunivesite zimenezi ndimaziona kawirikawiri. Wina watenga ngongole ya pafoni kuti alipire chipinda. Tsiku lobweza lafika, wathamangira kwa wakatapila. Kenako wabwereka kwa mnzake wa m'kalasi kuti wakatapilayo asamulande laputopu. Ngongole imodzi yabala zitatu, koma kunyumba sakudziwa, ku mzikiti sakudziwa. Pa Jumu'ah tili naye mzere umodzi, kanzu yoyera bwino, mtima uli kwina.

Ku madrasa tinaphunzira nkhani ya Swahaba wachinyamata Jabir ibn Abdullah, Allah asangalale naye. Bambo ake anafera pa nkhondo ya Uhud m'chaka cha 3 Hijri, ndipo anamusiyira alongo angapo oti awalere, munda wa tende, ndi ngongole yaikulu. Eni ngongole anayamba kumupanikiza. Tende wa m'mundamo ankaoneka wosakwanira. Jabir sanathawe mu Madina ndipo sanadzitsekere m'nyumba. Anapita kwa Mtumiki (SAW) n'kumufotokozera zonse.

Taonani zimene Mtumiki (SAW) anachita, monga zilili mu Sahih al-Bukhari. Poyamba anayankhula ndi eni ngongole kuti amupepukitsire, iwo anakana. Kenako anauza Jabir kuti athyole tende n'kumuunjika mtundu uliwonse pawokha. Atatero, Mtumiki (SAW) anabwera, anapempha madalitso, eni ngongole anaitanidwa, ndipo aliyense anapimiridwa zake mpaka ngongole inatha, tende n'kutsalako. Kuchuluka kwa tendeyo chinali chozizwitsa cha Mtumiki (SAW), ife sitingachipange. Koma masitepe amene anatsogola ndi athu tonse: kuulula vuto, kupeza munthu woyankhula ndi eni ndalama, ndi kusanja zomwe uli nazo kuti ziwerengeke.

Ntchito ya mlangizi wa za ngongole ndi yomweyi. Mumakhala pansi ndi pepala. Mumalemba ngongole iliyonse, mwini wake, ndalama zake, tsiku lobweza ndi chiwongoladzanja chake. Mbali ina mumalemba zomwe zimalowa pa mwezi ndi zomwe simungazipewe: chakudya, lendi, thiransipoti. Zotsalazo ndiye mphamvu zanu zenizeni zobwezera. Kuchokera apo amakuthandizani kusankha yoyamba kutseka, kawirikawiri imene ikukula msanga, ndiponso kupempha eni ndalama kuti muzibweza pang'onopang'ono. Tiyerekeze mwatenga K50,000 kwa wakatapila kuti mubweze K75,000 pakutha pa mwezi. Mwalephera, ndiye mukungopereka K25,000 ya pamwamba mwezi uliwonse. Pakatha miyezi inayi mwapereka K100,000, koma K50,000 ija ikadali pomwepo. Munthu ali yekha ndi mantha, masamu amenewa sawaona. Allah analetsa riba, ndipo ukaona masamu ake pa pepala umamvetsa chifundo chomwe chili m'chiletsocho.

Mwina mukuti, aise, mlangizi ndimupeza kuti? Yambani ndi omwe ali pafupi. Shehe wanu akuuzani malamulo a Shariah pa ngongole yanuyo. M'mizikiti mwathu muli akuluakulu ogwira ntchito ya akaunti ndi amalonda odziwa kusunga mabuku, pemphani mmodzi wosunga chinsinsi akhale nanu pansi. Ngati vuto ndi fizi, ofesi yoona za ophunzira ifikeni mayeso asanayandikire. Ngati ngongole ndi ya kubanki kapena bungwe lobwereketsa ndalama, pitani nokha mukapemphe ndondomeko yatsopano yobwezera, ndipo zomwe mwagwirizana zilembedwe. Kuzemba kumangoipitsa dzina lanu, paja kuno ku Malawi kuli mabungwe osunga mbiri ya obwereka ndalama, ndipo mabanki amaifufuza. Chenjerani ndi "mlangizi" amene yankho lake ndi kukupatsani ngongole ina ya chiwongoladzanja, kapena wofuna mumulipire ndalama zambiri asanaone n'komwe pepala lanu.

Ena amaona ngati kupempha thandizo ndi kuchepa kwa tawakkul. Jabir anali ndi imani yoposa yathu, koma anapita. Ndipo dini yathu nkhani ya ngongole siichita nayo manyazi. Ayah yaitali kuposa zonse mu Qur'an, Surah al-Baqarah 282, ikunena za kulemba ngongole ndi kuikira mboni. Ayah 280 ikulamula mwini ndalama kumudikira amene wapanikizika. Mu Surah at-Tawbah 60, omira m'ngongole ali m'gulu la anthu asanu ndi atatu oyenera kulandira Zakaat. Ndiye ngati mwamiradi, kufotokozera komiti ya Zakaat si kupemphetsa. Ndi gawo lomwe Allah anakuikirani.

Komanso tisaitenge mopepuka. Panali nthawi yomwe Mtumiki (SAW) sanafune kuswalira janaza ya munthu amene anasiya ngongole, mpaka Abu Qatadah analonjeza kuti aibweza. Ife a zaka 21 kapena 23 timaganiza kuti nthawi ilipo yambiri. Ndani anatilonjeza? Ngongole imene taibisa lero ikhoza kudzadziwika pa maliro, mayi athu ali pa mkeka.

Kwa inu amene munakongoza mnzanu, muli ndi gawo lanu. Tsiku lina Ka'b ibn Malik ankalonjerera ngongole yake kwa Ibn Abi Hadrad mu mzikiti mpaka mawu anakwera. Mtumiki (SAW) anakodola Ka'b ndi dzanja kuti achotse theka, iye anavomera, ndipo winayo anauzidwa kuti adzuke akalipire zotsalazo. Mnzanu akabwera ndi ndondomeko yake, mumvereni. Osamuika pa sitetasi ya WhatsApp.

Usiku uno mukatha swala ya Isha, tengani kope. Lembani zonse, ngakhale K2,000 ya kwa mayi ogulitsa mandasi. Mawa lake muonetse munthu mmodzi wodalirika.

Allah atimasule ku ngongole zomwe zatimanga, atipatse rizki la halali lotikwanira, ndipo afewetse mitima ya omwe tili nawo ngongole. Ameen.