Ndodo ya Agogo ndi Lole ya Ulere

Padangotero, kwa Chisemphere, kumpoto kwa boma la Kasungu, kudali nkhalamba zinayi zomwe zinkakumana masana aliwonse pamthunzi wa chigafa cha fodya. Onsewo paunyamata wawo adapitako ku Halale wapansi kukasaka ndalama ya msonkho, ndipo nkhani yawo idali yomweyo chaka ndi chaka: kutsika ku Dedza, kulowa m'dziko la Apwitikizi, kuwoloka Zambezi pa Tete, ludzu la m'njira ya ku Mtoko, mpaka kukafika mu Salisbury mapazi atang'ambika ming'alu. Mkulu wa gululo adali ndi ndodo yansungwi yoda bii ndi thukuta, yomwe ankati ndi yomwe idamufikitsa kumeneko. Palibe mwana ankaloledwa kuigwira.

Mkuluyo adali ndi mdzukulu wamkazi yemwe adangomaliza kumene Fomu 4. Kusukulu mtsikanayo adawerenga buku la Legson Kayira lotchedwa I Will Try, la mnyamata wa kumpoto yemwe mu 1958 adanyamuka wapansi kufuna maphunziro, nakafika mpaka ku Khartoum asadaoloke kupita ku America. Chichokereni tsiku limenelo miyendo idayamba kumuyabwa. Tsiku lina fodya atatha kusoka, adapita pachigafa paja, nagwada chapatali.

"Agogo, ndikufuna kuyenda wapansi kuchoka kuno mpaka ku Mulanje, ndikakwere Sapitwa. Ndabwera kuti mundilangize za m'njira."

Nkhalamba zija zidaseka mpaka wina kutsamwa ndi fodya wake wachingambwe.

"Iwe mkazi wanga," adatero agogo ake, poti agogo ndi mdzukulu amaseleulana, "ukuthawa ndani? Ife tidayenda poti mesenjala wa msonkho adali pakhomo. A Kamuzu adachoka konkuno ku Kasungu wapansi mpaka ku Hartley poti ankafuna sukulu. Nanga iwe?"

"Ndikungofuna kuliona dziko ndi mapazi angawa, agogo."

"Ndiye si ulendo umenewo, n'kuwongola miyendo. Nsapato kuphazi, foni m'thumba, msewu wa tala, magolosale ponseponse. Woyenda weniweni amagona pansi pa mtengo, mkango ukubangula, ndipo sakwera kanthu ngakhale bulu. Komanso phirilo dzina lake lakuuza kale: Sapitwa."

Mtsikanayo adabwerera kunyumba misozi ili lengelenge. Agogo ake aakazi, omwe ankasenda chinangwa kuseri kwa nkhokwe, adamva zonse koma sadayankhe kanthu masanawo. Mayi ameneyu adadikira mwamuna wake zaka zisanu ali ku Halale, akulima yekha, akusenza yekha chimanga kupita kuchigayo chakutali, ndipo mitunda yakeyo palibe adaiwerengapo pachigafa.

Usiku, nsima itadyedwa, adamufunsa mwamuna wake mwakachetechete.

"Bambo, lole ija idali ya mtundu wanji?"

"Lole iti?"

"Ija mudandiuza usiku umene mudabwera, musadayambe kukamba nkhaniyi kwa anthu. Ya Ulere."

Apa nkhalamba idangoti zyoli. Masiku amenewo boma la Southern Rhodesia linkafuna anthu ambiri ogwira ntchito m'mapulazi ndi m'migodi, choncho lidaika magalimoto onyamula aulendo kwaulere, ndipo anthu athu ankangowatcha Ulere. Mkuluyo adakwera imodzi mwa iwo phazi litatupa ngati dzungu. Chigawo chimenecho cha nkhani chidagwera m'njira kalekale, monga zimachitira nkhani zokambidwa kawirikawiri pamaso pa anzako.

"Ndipo mayi uja wa ku Tete," adapitiriza mkaziyo, "adakupatsani phala masiku atatu muli ndi malungo, adakufunsani kuti mukuthawa ndani?"

"Sadafunse."

"Zambezi mudasambira?"

"Adatiolotsa pabwato."

Mayiyo adazimitsa koloboyi n'kugona.

M'mawa mwake iye ndiye adayamba kukonza ulendo. Adakazinga chimanga ndi mtedza, nauza mlongo wake wa mtsikanayo kuti apita naye. Adatumiza mawu kwa amayi anzake a mpingo ndi kwa abale okwatiwa kutali, wina ku Mponela, wina ku Dedza, wina ku Ntcheu, kuti ana awiri adzagogoda madzulo ena. Mwamuna wake ankangoyang'ana ali duu.

Tsiku lonyamuka, tambala woyamba atalira, anawo adapeza agogo awo aamuna atayima kale pamphambano yolowera msewu wa M1, atafunda bulangete.

"Muzinyamuka mbandakucha," adatero, maso ali kumbali. "Dzuwa likafika paliwombo khalani pamthunzi. Thuza likatuluka musalisende khungu. Mukafika pamudzi wa eni, yambani mwaonekera kwa anyakwawa." Kenaka adatambasula dzanja, napereka ndodo ija. "Ibwerenso."

Adayenda masabata angapo. Adaoloka Bua, adadutsa Lilongwe, adanjenjemera ndi chisanu cha ku Dedza, adatsikira kotentha ku Zalewa komwe Shire amadutsa pansi pa mlatho. Ku Mulanje adapeza wowatsogolera wodziwa phirilo, nakwera mpaka pansonga ya Sapitwa, mamita 3,002 pamwamba pa nyanja, pomwe mitambo idali kumunsi kwa mapazi awo. Pobwerera adakwera basi.

Mudzi wonse udasonkhana pachigafa kudzamva. Mtsikanayo adafotokoza zonse osabisa, ngakhale zakuti atangodutsa Ntcheu bondo lidamukana, ndipo wakabaza wina adamunyamula mtunda wonse wa tsikulo osalandira kanthu.

"Ehee!" idafuula nkhalamba ina, ikuomba m'manja. "Wadziulula yekha! Wakwera njinga, ndiye kuti sadayende. Ife mpaka mu Salisbury osakwera kanthu. Si choncho, achimwene?"

Anthu onse adatembenukira kwa mkulu uja. Iye adalandira ndodo yake, naiyang'ana kunsonga komwe idali itaperepeseka ndi miyala ya kuphiri. Adayang'ananso mkazi wake, yemwe adali chikhalire pamkeka osanena kanthu.

"Ine ndidakwera Ulere," adatero. "Ndipo inu achimwene mudakhala pafupi nane, pamwamba pa thumba la ufa, mukusanza njira yonse."

Phwete lidabuka mpaka ana kugubuduzika m'fumbi. Nkhalamba ija idafuna kukana, koma nayonso idangoyamba kuseka, ikupukuta misozi ndi chipewa. Mkuluyo adasendera pabenchi, nagogoda ndi ndodo pamalo pomwe padatsala.

"Khala apa, mkazi wanga. Tauza bwinobwino, kuseri kwa mitamboyo kumaoneka chiyani? Ife sitidafikeko."