DIMBA LA PAKHOMO NDI UDINDO WA MKRISTU

Mvula yakata, cimanga calowa m'nkhokwe, mtedza wakumbidwa, ndipo fodya wapita kumsika. Yafika nyengo imene ambiri a ife timapacika khasu kudenga, ndi kunena kuti nchito yatha kufikira mvula ya November. Koma taonani mbale ya ndiwo m'nyumba zathu. M'dzinja idali yodzaza ndi nkhwani, bonongwe, cisoso, luni ndi therere. Pofika September mfutso watha m'cikwatu, ndipo mwana angosunsa nsima m'madzi a mcere. Za mbale imeneyi ndifuna kukamba nanu lero, popeza iri ndi malo ake m'cikristu cathu.

Buku loyamba la Malembo Oyera, pa mutu waciwiri, litiuza kuti malo oyamba amene Mulungu adakonzera munthu adali munda, ndipo kuti adampatsa nchito yakuulima ndi yakuusunga. Dziwani kuti izi zidacitika Adamu asanacimwe. Tsono khasu si cilango ai. Kucimwa kudabweretsa minga ndi kutopa, koma kulima kwenikweniko ndi mphatso imene Atate adapatsa mwana wao pa ciyambi pomwe. Paulo Woyera, m'kalata yake yoyamba kwa Timoteo, pa mutu wacisanu, aikapo mau olimba: munthu wosasamala a pabanja pake amuyesa wokana cikhulupiriro. Nanga bambo amene mmawa apemphera Atate Athu, napempha cakudya ca lero, masana natayira ndalama za fodya ku mowa, ana ake ali opanda ndiwo, adzayankha ciani pamaso pa Ambuye?

Mwina wina anena kuti: nkhokwe yanga njodzaza, ana akukhuta nsima, cavuta nciani? Cavuta ndi ici: nsima ikhutitsa mimba ndi kupatsa mphamvu, koma payokha siitha kumanga thupi kapena kuliteteza ku matenda. Kafukufuku wa Boma wa m'zaka za 2015 ndi 2016 adapeza kuti mwa ana 100 ali onse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno, 37 adali opinimbira. Zifukwa zake nzambiri, ndipo cina cacikulu ndi kudya cakudya ca mtundu umodzi tsiku ndi tsiku. Ndi cifukwa cake alangizi a zaumoyo atiphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo masamba ndi gulu limodzi mwa awa. Masamba obiriwira kwambiri, monga bonongwe, mpiru ndi kholowa, ali ndi vitamini A wosunga maso ndi wolimbitsa thupi pa matenda, ndiponso athandiza kupanga magazi, amene amai apakati asowa kwambiri. Vitamini ameneyu alowa bwino m'thupi akatsagana ndi mafuta. Makolo athu, potendera ndiwo ndi nsinjiro, adali kucita canzeru osadziwa dzina lake. Ndipo ndani angatipose ife a ku Mchinji pa mtedza? Kumbukiraninso Daniele ndi anzake atatu ku Babiloni: atadya zamasamba ndi kumwa madzi masiku 10, adaoneka athanzi kupambana anyamata odya za pa gome la mfumu.

Mulungu sadatimane madzi ai. Mtsinje wa Bua uyambira m'boma lathu lino. Tiri ndi Rusa ndi madambo ambiri amene asunga cinyontho ngakhale m'malimwe. Amene adaona njala ya 2002, ndi cilala ca 2024, adziwa kusiyana kwa banja lokhala ndi dimba ndi banja lodalira munda wa mvula wokha. M'caka ca 2006 thandizo la Mtukula Pakhomo lidayambira kuno ku Mchinji lisanafalikire m'maboma ena. Nlabwino ndithu, koma adalikonzera mabanja osaukitsitsa amene alibe wowagwirira nchito, monga nkhalamba zolera ana amasiye. Munthu wa manja awiri ndi mphamvu zake asadikire kulembedwa dzina, madzi ali kumsi kwa mudzi wake.

Nchito yake si yacilendo kwa inu. Sankhani malo ofika dzuwa, pafupi ndi citsime, ndi kumangapo mpanda wa udzu cifukwa ca mbuzi ndi nkhuku. Musalime kufikira m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje. Siyani bango ndi mitengo, kuti dothi lisakokoloke ndi kukwirira madzi a anzanu akumunsi. Bedi likhale mita imodzi m'lifupi mwake, kuti mupalire osapondapo. Thiranimo manyowa oola bwino a m'khola kapena a kudzala. Aawisi aocha mizu. Fesani mpiru kapena repu pa nazale, ndipo pakapita milungu itatu kapena inai okerani madzulo, dzuwa litapepa. Phimbirani bedi ndi udzu wouma kuti madzi asaume msanga, ndi kuthirira mmawa kapena madzulo. Miyezi iwiri isanathe mudzayamba kuthyola ndiwo. Musabzale matimati pamene mwazula matimati. Sinthanitsani ndi nyemba kapena anyezi, kuti matenda asamange mudzi m'dothimo. Ndipo mukapopera mankhwala ophera tizirombo, dikirani masiku onse olembedwa pa botolo musanathyole. Wogulitsa masamba opopera dzulo ku Kamwendo kapena ku Mkanda, podziwa kuti akadya ndi ana a eni ake, alakwira lamulo lacisanu la Mulungu.

Amene ali kutali ndi dambo asataye mtima. Madzi otsukira mbale ndi mbatata, ngati alibe sopo wambiri, akwanira kabedi kamodzi kuseri kwa nyumba. M'makomboni a ku Nairobi, kumene kulibe malo olima, amai adzaza thumba ndi dothi losakaniza ndi manyowa, naliboola m'mbali, nabzalamo masamba. Thumba lotere liimirira ngakhale pakhonde. Tsokonombwe adatha mtunda ndi kulumpha.

Acinyamata amafunsa za ulimi wamakono, ndipo nkoyenera kuwayankha. Ku Netherlands, dziko lozizira, alimi amanga nyumba zamagalasi zosunga kutentha, nakolola matimati ngakhale m'nyengo yacisanu. Kwathu kuno ena amanga zotere ndi pulasitiki. Phindu lake nlakuti mvula ya m'dzinja, imene ibweretsa ciwau pa matimati, siigunda masamba, ndipo mlimi akolola pa nthawi imene mtengo wakwera. Koma nyumbayo ifuna ndalama, ifunanso mipata yolowera mphepo, cifukwa m'October mbeu zingapse m'kati mwake. Ulipo ulimi winanso wosafuna dothi konse: mizu ikhala m'madzi osungunuliramo cakudya ca mbeu mwa muyeso wake. Katswiri wina wa ku California, William Gericke, ndiye adafalitsa dzina lake lakuti hydroponics m'caka ca 1937. Ulimi umenewu usunga madzi, koma ufuna mcere wogula ndi maso a tsiku ndi tsiku. Ukalakwitsa muyeso, mbeu zonse zifota pamodzi. Nzeru zonsezi nzocokera kwa Mulungu, ndipo mwana wathu wofuna kuziphunzira timlimbikitse. Koma zitipatsenso manyazi: ngati anthu opanda dothi ndi opanda dzuwa avutikira ndiwo cotere, nanga ife amene tidalandira zonsezi kwaulere tidzawiringula bwanji?

Eklezia ali ndi woyera wake wa olima madimba, dzina lake Fiacre. Adali wa ku Ireland, nakakhala m'nkhalango pafupi ndi mzinda wa Meaux ku France m'zaka za m'ma 600. Kumeneko adalambula malo, nalima masamba ndi zitsamba zamankhwala, ndipo ndi zimenezi adadyetsa alendo ndi kusamala odwala. Iye atiphunzitsa kuti dimba la Mkristu likhale ndi bedi limodzi losawerengera ndalama: la agogo osatha kutunga madzi, la wodwala wogona m'nyumba, la mwana wamasiye. Kupatsa nkuika.

Tsono inu akatekisti, mau awa ndawalemba makamaka kwa inu. Kuyambira 1903, pamene ansembe a White Fathers adafika ku Kachebere, Mthenga Wabwino wayenda m'midzi ya kuno ndi miyendo ya aphunzitsi onga inu. Ndipo anthu akhulupirira msanga cimene aona pakhomo panu kupambana cimene amva pakamwa panu. Yambani ndinu. Pambuyo pake kambani ndi akristu a m'mphakati mwanu: amene ali ndi dambo lalikulu abwereke ndime kwa amene alibe, amene ali ndi khola apatse mnzake manyowa, nazale ikhale imodzi, mbande mugawane. Abambo asanene kuti za ndiwo nza amai. Kukumba citsime ndi kumanga mpanda kufuna mapewa a mwamuna, ndipo ana odya ndiwozo ndi a onse awiri.

Mmawa wa Pasaka, Maria wa ku Magadala, poona Ambuye ataimirira pafupi ndi manda, adayesa kuti ndi wosunga munda. Iwo sadanyoze maonekedwe amenewo. Atidalitse tsono ife ndi makasu athu, adalitse zitsime ndi mbeu zathu, kuti pofika September pasapezeke mwana wa m'parishi mwathu wogona ndi nsima yopanda ndiwo. Amen.