Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko." Mwini vuto ndiye amadziwa kuwawa kwake, ndipo ndiye amadzuka kukafuna mpumulo.

Nzeru imeneyi ikugwira ntchito m'zipinda za occupational therapy, momwe anthu amene anafa ziwalo chifukwa cha sitiroko kapena ngozi amaphunziranso ntchito za tsiku ndi tsiku. Katswiri angalembe papepala kuti mkono wa mayi wina wodwala uzikwera kufika paphewa. Sanalakwe, koma mayi wodwalayo salota za phewa. Iye akufuna kumanga yekha chitenje, kugwira mthiko n'kuphika nsima, kupita kuchimbudzi usiku osadzutsa mwana wake. Telala akufuna kulowetsanso ulusi pasingano.

Ku Canada, mu 1991, Mary Law ndi anzake anatulutsa njira yotchedwa Canadian Occupational Performance Measure. Wodwala amatchula yekha zimene zikumukanika, n'kusankha zosaposa zisanu zofunika kwambiri. Chilichonse amachipatsa nambala kuyambira 1 mpaka 10: akuchikwanitsa bwanji, ndipo akukhutira nacho motani. Pakapita nthawi amayezanso.

Apa m'pomwe mwambiwu ukumveka bwino. Masewero olimbitsa dzanja amatopetsa, ndipo ambiri amachitikira kunyumba, katswiri kulibe. Wongouzidwa zochita amagwa ulesi msanga. Wodziwa kuti kufinya kampira kukumufikitsa ku mthiko amalimbikira. Gawo la katswiri ndi kudula cholingacho m'zidutswa zotheka: poyamba kugwira chipande, kenako kunyamula poto wopanda kanthu.

Achibale nawonso asamamuyankhire wodwala katswiri akafunsa chimene akufuna, ngakhale atachedwa kutulutsa mawu.