Mkwapulo Subala Coonadi

Buku la Macitidwe a Atumwi, mutu 22, lisimba kuti kapitao wamkuru wa asilikari a Roma ku Yerusalemu analamulira kuti Paulo afunsidwe ndi mikwapulo, kuti cidziwike cimene khamu linampfuulira. Mlandu unali usanapezeke, koma msana wace unali utaweruzidwa kale.

Maboma ocita zotere amati ululu utulutsa coonadi cobisika. Koma kodi citulukadi nciani? M'dziko la Germany oweruza anali kuzunza anthu onenezedwa ufiti kufikira atabvomera. M'caka ca 1631 wansembe Friedrich Spee analemba buku lotsutsa mwambowo, osaikapo dzina lace. Anaonetsa kuti munthu wosweka mafupa abvomera ciri conse kuti amleke. Ndipo pomfunsa anzace, achula anansi osalakwa. Iwonso agwidwa, nazunzidwa, nachula ena. Oweruza ayesa kuti apeza mfiti zambiri, pamene angomva mau ao omwe alikubwerera m'kamwa mwa wozunzidwayo. Bodzalo Mulungu adzalifunsa kwa iye amene analifinya, pakuti wandendeyo, angakhale wopalamuladi, analengedwa m'cifanizo cace.

M'caka ca 1984 United Nations inakhazikitsa pangano loletsa cizunzo, ngakhale pa nthawi ya nkhondo. Koma pangano ligwira nchito mwa anthu okhala pa khomo la ndende. Tsiku lija Paulo atamangidwa ndi zingwe, anachula kuti ali Mroma. Kenturiyo woimapo sanayambe kukwapula ai. Anamuka kwa mkuru wace kukamcenjeza, ndipo ofunsawo anamleka pomwepo.