Mwana Uja Sanalodzedwe

Mwana wanga, ndamva kuti ukamaliza Fomu 4 ukufuna uphunzitsi wa ana olumala, ndipo anzako akukuseka. Aleke aseke. Khala apa ndikuuze zomwe ntchitoyi idzafuna kwa iwe.

Choyamba, samala pakamwa. Kuno ku Thekerani mwana akakhala wosalankhula, wosayang'ana munthu m'maso, ukamuitana osatembenuka chikhalirecho makutu ali bwinobwino, n'kumangogwedeza timanja tsiku lonse, timathamangira kumutcha chitsiru. Ena amanong'onezana kuti bambo ake anamukhwimira kuti chigayo chiziyenda. Bodza limeneli lapasula mabanja, ndipo mayi ndi amene amatsala ndi mwana ndi manyazi omwe. Achipatala vutoli amalitcha autism. Mwana amabadwa nalo, ubongo wake umakula mwa njira yakeyake. Si ufiti, si katemera, si tchimo la mayi. Bungwe la WHO linanenapo kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 ali nalo, ndipo limapezeka kwambiri mwa anyamata. Taganiza kuchuluka kwa ana pasukulu imodzi yokha ya pulayimale kunoko.

Koma usadzisandutse dokotala. Mwana wosalankhula mwina ndi wosamva, mwina malungo aakulu anamuvulaza ubongo, mwina ali ndi khunyu. Uza makolo ayambire kuchipatala cha Thekerani, kapena ku Malamulo ku Makwasa, ndipo akawatumiza ku Queens ku Blantyre apite ndithu. Wosamva ali nayo sukulu yake, Mountain View ku Bvumbwe. Ukasokoneza mavuto awa, mwana adzataya zaka akuphunzitsidwa zosamuyenera. M'mera m'poyamba.

Chifundo chokha sichiphunzitsa mwana. Khoza bwino MSCE, ukachite maphunziro a uphunzitsi, ugwire choko kaye, kenako ulimbikire kupita ku koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, komwe amasula aphunzitsi a ana osaona, osamva ndi ovutika kuphunzira. Pafupi pomwepo pali Catholic University, nayo ili ndi digiri ya maphunziro amenewa. Si kutali, mwana wanga. Anzako amakafika ku Johannesburg kukasaka maganyu, iwe Nguludi ingakukanike?

Tsono mvetsetsa apa, chifukwa ambiri amagwera pomwepa. Mwana wa autism akakuwa, n'kudzigwetsa pansi, n'kutseka makutu, si mwano. Phokoso la kalasi yodzaza, belu, ngakhale kumusintha pokhala, kwa iye ndi ululu weniweni umene sangathe kuufotokoza. Ukatenga mkwapulo, mawa sabweranso, ndipo makolo adzati sukulu yamukana. Lankhula naye mawu ochepa, omwewomwewo tsiku ndi tsiku. Muonetse chithunzi cha kapu akafuna madzi. Zochita za tsiku zizitsatana mofanana, ndipo zikati zisintha umuuziretu. Pena teremu yonse idzatha mwana ataphunzira chinthu chimodzi, kunena kuti akufuna kuchimbudzi. Usachipeputse. Kwa mayi ake chimenecho ndi chachikulu kuposa kukhala nambala wani. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Makolo uwapatse ulemu. Mayi wolawirira kukathyola tiyi ku esiteti n'kumutsekera mwana m'nyumba sakuchita nkhanza dala, wasowa womusiyira. Usakamunyoze pagulu. Pita kwawo, ukhale pamphasa, umve kaye. Uwauze za bungwe la makolo a ana olumala la PODCAM, adziwe kuti sali okha. Kwa mfumu ndi kutchalitchi ukalankhule modzichepetsa, pakuti akuluakulu ukawachititsa manyazi amatseka khomo, mwana n'kutsekeredwa komweko. Pa 2 Epulo dziko lonse limakumbukira za autism. Tsiku limenelo pempha mpata kwa ahedi ulankhule ndi makolo.

Za ndalama sindikunamiza. Malipiro ndi a mphunzitsi, sudzamanga nawo nyumba yosanja. Ndipo ukadzalandira pepala lako, tauni idzakukopa. Kumeneko aphunzitsi otere alikoko. Ukapemphe akutumize kuno kumapiri, komwe mwana wotere amafika zaka 10 asanapondepo pakhomo la kalasi.