Kodi luso lililonse lizisanduka geni?

Chiperoni chikayamba kuno ku Blantyre, ine manja amayamba kuyabwa. Anzanga akaona nkhungu itaphimba phiri la Soche, kamvula kakuwaza osaleka, amaganiza za tiyi ndi mbatata. Ine ndimaganiza za singano zanga ziwiri ndi mpira wa ulusi. Nyengo imeneyi inatenga dzina ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, mbali yomwe mphepoyo imachokera, ndipo ikabwera mu June kapena July imatha kukhala masiku atatu osachoka. Masiku otero ndi amene ndimaluka zipewa, masikafu, mwinanso timagolovesi topanda zala.

Anandiphunzitsa ndi agogo anga ku Dedza ndili sitandade 5. Amene anagonapo ku Dedza mu July akudziwa kuti kuzizira kwa kumeneko sikwamasewera, tauniyo ili pamtunda kwambiri. Singano zanga zoyamba zinali masipoko a njinga amene agogo ananola pamwala. Ulusi sitinkagula. Ankatenga juzi ya pakaunjika yong'ambika m'zigongono, n'kuimasula yonse, ulusiwo n'kuunyowetsa, n'kuupachika kuti uwongoke. Kuchokera pamenepo sindinasiye. Ngakhale ku yunivesite, usiku woti mawa lake kuli mayeso, ndinkaluka mizere iwiri itatu kuti mtima ukhale pansi.

Funso la lero linabwera chaka chatha, ndipo linabwera ndi achemwali anga.

Paja ndimakhala kwa iwo. Digiri ndili nayo, ili mu envelopu pansi pa sutikesi, ntchito ndiye ikusakidwabe. Achemwali amadzuka 4 koloko kukazinga mandasi, alamu amayendetsa njinga yamoto ya kabaza. Nsima imene ndimadya imachokera pamenepo. Tsiku lina madzulo ndikumaliza chipewa chobiriwira choti ndimupatse mnzanga, achemwali anachitenga, kuchitembenuza, kuchikoka kuti aone ngati chili cholimba, kenako anati: "Iwe, chinthu chokongola chonchi ukungopatsa anthu ulere? Bwanji osagulitsa? Pakhomo pano sopo watha."

Sanakalipe ayi. Anangofunsa. Koma ndinakwiya, ndipo usiku wonse ndinakhala ndikusakasaka chifukwa chimene ndakwiyira.

Yankho loyamba limene linabwera m'mutu linali la kusukulu. Aristotle anasiyanitsa zinthu zimene timachita kuti tipeze china chake, ndi zimene timachita chifukwa cha izo zokha. Achemwali sakazinga mandasi chifukwa chokonda utsi. Amakazinga kuti apeze ndalama, ndalamazo kuti agule ufa ndi kulipira lendi. Kuluka kwanga kunali chinthu chokhacho m'moyo mwanga chimene sichinkatumikira china. Makalata ofunsira ntchito ndimalemba kuti andiitane. Ma kosi a pa intaneti ndimachita kuti CV inenepe. Ngakhale kupita ku ukwati wa munthu masiku ano amati pita ukadziwane ndi anthu, mwina wina n'kukulumikiza. Chilichonse chasanduka makwerero. Ndiye kamodzi kokhaka kamene ndimangochita chifukwa ndikukakonda, nakonso kalowe mumsika?

Maganizo amenewa ndi okoma, eti? Ndinawakhulupirira kwa masiku awiri. Tsiku lachitatu ndinadzuka usiku kupita panja, ndinapeza achemwali akukanda ufa wa mandasi atafunda chitenje chimodzi, manja ali m'madzi ozizira. Ndinachita manyazi. Ndinaona kuti nzeru yakuti "zinthu zina siziyenera kugulitsidwa" imakoma m'kamwa mwa munthu amene wina akumugulira sopo. Nthawi imene ndimaluka mosangalala ija si yanga ndekha. Alipo amene akuilipira.

Ndiye ndinayamba kugulitsa. Ndinajambula zipewa zitatu, kuika pa status ya WhatsApp, mtengo K8,000.

Apa ndiloleni ndiwerenge nanu masamu, chifukwa anthu amene amati "bwanji osagulitsa" nthawi zambiri sawerenga. Mpira umodzi wa ulusi ndinkagula K3,500, ndipo chipewa cha munthu wamkulu chimatha mpira wonse. Ulusi wake ndi wa akiliki, wochokera kunja, choncho kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 mtengo wake unalumpha, ndipo sunabwererenso. Chipewa chimodzi chimanditengera maola 6 ngati sindinalakwitse n'kumasula. Mukachotsa ulusi pamatsala K4,500, kutanthauza K750 pa ola. Sikafu ndiye musanene, imadya mipira itatu ndi madzulo a sabata yathunthu. Ndipo pa anthu asanu alionse amene ankafunsa mtengo, atatu ankayankha chimodzimodzi: "Aaa, pakaunjika ndi K2,000 chomwechi." Sankanama. Makina a kufakitale amaluka chipewa munthu asanamalize kumwa kapu ya tiyi, wina kunja amachivala nyengo imodzi n'kuchitaya, ife n'kuchitola mu belo. Manja anga sangapikisane ndi zimenezo.

Komabe oda anabwera. Mnyamata wina wa Bullets anafuna chofiira ndi choyera, anzake ataona nawonso anafuna. Wina wa Wanderers anati iye sangalole, ndimulukire cha buluu. Miyezi iwiri ndinaluka zipewa 12, ndinapeza K54,000. Ndinagula thumba la makala, sopo, ndi mayunitsi a magetsi. Tsiku limene ndinapereka ndalama yoyamba kwa achemwali, anaiwerenga kawiri n'kunena kuti, "Waona? Fodya wako ndi amene ali pamphuno." Sindibisa, ndinamva bwino. Kwa nthawi yoyamba chimalizireni sukulu ndinadya nsima osawerenga mbamu.

Koma panachitikanso china. Pofika chipewa chachisanu ndi chitatu chofiira ndi choyera, ndinkayang'ana singano ngati mmene mwana amayang'anira mbale zoti atsuke. Ndinkaluka maso ali pa wotchi. Sitichi ikaphonyeka pakati, kale ndinkamasula mizere khumi osadandaula, tsopano ndinayamba kuibisa mkati, kuti kasitomala saona. Chimenechi ndi chimene chinandiopsa kwambiri. Agogo akanaona akanandilanda singano.

Zimenezi si za ine ndekha. Mu 1973 Mark Lepper ndi anzake ku Stanford anatenga ana a kumkaka okonda kujambula. Ena anawalonjeza satifiketi akajambula, ena sanawalonjeze kanthu. Patapita masiku, atawasiya kuti asewere zimene akufuna, ana olonjezedwa aja ankajambula mochepa kuposa anzawo. Mphotho inasintha tanthauzo la chojambulacho. Ine sindine mwana wa kumkaka, koma ndinadzizindikira mmenemo.

Tsono funso lenileni silakuti kugulitsa n'kwabwino kapena n'koipa. Achemwali amagulitsa, ndipo ndi munthu wabwino kuposa ine. Funso ndi lakuti: munthu wosauka, kapena wodyetsedwa ndi ena ngati ine, ali ndi ufulu wokhala ndi kanthu kake kamene sikabweretsa ndalama? Mwana wa bwana akamaimba gitala Loweruka timati ndi luso, palibe amamufunsa kuti wapeza zingati. Mnyamata wa ku Ndirande akagwira gitala yomweyo, funso loyamba ndi lakuti, "Ndiye zimakupatsa chani?" Zikuoneka ngati tinagwirizana mwakachetechete kuti kusangalala kopanda phindu ndi kwa okhuta okha, enafe ola lililonse liziyankha mlandu. Ine zimenezi ndimazikana. Koma ndimazikana ndili m'nyumba ya eni, ndiye mawu anga satuluka mokweza.

Ndikaganiza za agogo, iwo funso limeneli akanaliseka. Sankadziwa zoti pali ntchito uku, zosangalatsa uku. Ankaluka ku Mvano ndi amayi anzawo, akucheza, akuseka, ndipo chipewa chilichonse chinali kale ndi mutu wake chisanayambidwe: cha khanda la uje lobadwa masiku osakwana, cha mkulu uje amene akutsokomola. Sankagulitsa, komanso sankalukira kudzisangalatsa okha. M'buku la Machitidwe, mutu 9, muli nkhani ya Dorika wa ku Yopa. Atamwalira, amasiye anamuonetsa Petro zovala zimene iye anawasokera. Chimene chimandikhudza m'nkhaniyo n'chakuti umboni wa moyo wake unali pathupi pa anthu ena. Apa ndi pamene Aristotle wanga uja anayamba kuchepa. Ine ndinkaganiza kuti njira zilipo ziwiri, kulukira msika kapena kudzilukira mtima wanga. Agogo anali pa njira yachitatu, ndipo ndikaona bwino, chipewa chobiriwira chija chimene chinayambitsa nkhani yonseyi chinali cha mnzanga, sichinali changa.

Koma njira ya agogo nayonso ili ndi vuto lake, tisaikometse. Mphatso ya kwa mnzanga sigula sopo wa achemwali. Ndikapatsa wakunja ulere pamene wa m'nyumba akukanda ufa 4 koloko, kodi kumeneko ndi kuwolowa manja, kapena ndikupereka mphatso ndi thumba la wina?

Chaka chino ndagawa nthawi, ngakhale sindikunena kuti ndapeza yankho. Masana ndimaluka za oda, ndipo ndinadzilonjeza kuti sitichi yophonyeka ndizimasula, kaya kasitomala aona kaya saona. Usiku tikadya, singano zimakhala zanga. Panopa ndikuluka sikafu yotuwa, yayitali, ya ulusi wa juzi imene ndinagula pakaunjika n'kumasula ngati mmene ankachitira agogo. Ndi ya alamu. Amanyamuka 5 koloko pa njinga ija, mphepo ikuwamenya pakhosi, ndipo sabata yatha ndinawamva akutsokomola.

Dzulo achemwali anaiona ili pampando, anaikoka monga mwa chizolowezi chawo.

"Iyi ndiye ya zingati?"

"Siyogulitsa, achemwali. Ndi ya alamu."

Anakhala chete pang'ono, akuisisita. Kenako anati, "Uiwonjezere utali. Khosi lawo lija ndi lalikulu." Ndiye kwatsala mizere ngati makumi anayi, ndipo ulusi wotuwa uja ukuoneka kuti sukwana.